Za mvunguti ndi chammwamba pa mawondo otupa a amayi

Achemwali, mwafunsa ngati amayi anu ku Domwe angasiye mapiritsi a nyamakazi n'kumamwa madzi a makungwa a mvunguti ndi ufa wa chammwamba, poti mwamva kuti asayansi anapeza kuti zitsambazi zimachepetsa kutupa m'maselo oteteza thupi. Zimene mwamvazo si bodza ayi, koma chonde mapiritsiwo asasiye.

Kutupa n'chizindikiro choti asilikali a m'thupi ali pa ntchito. Munthu akabayidwa ndi minga kudimba, maselo otchedwa macrophage amathamangira pabalapo kukameza tizilombo. Amatulutsanso timankhwala toitanira anzawo, monga TNF ndi IL-6, komanso prostaglandin amene amachititsa malowo kutentha ndi kuwawa. Bala likapola, nkhondo imatha. Pa nyamakazi ya mtundu wina nkhondoyo siitha, asilikali aja amatembenukira mfundo za mwini thupi.

Tsono ofufuza amawetera maselo amenewa m'timbale, kawirikawiri maselo ochokera ku mbewa otchedwa RAW 264.7. Amawaputa ndi LPS, kachinthu kochokera pachikopa cha mabakiteriya, maselowo n'kulusa. Kenako amathirapo zimene afinya m'chitsamba, n'kuyeza ngati TNF ndi nitric oxide (kamankhwala kena kamene maselowa amatulutsa akalusa) zatsika. Zitsamba zambiri zimatsitsadi, ndipo chammwamba ndi jinja zili m'gulumo.

Koma m'kambale mulibe mimba, mulibe chiwindi. Mankhwala amagwera pa selo penipeni, pamene amayi akamwa, ayenera kudutsa m'matumbo, chiwindi chiwaphwanye, otsalawo ndiye akafike pabondo. Curcumin, mankhwala a mu turmeric (chokometsera ndiwo chachikasu chija), amachita zodabwitsa m'mbale, koma wolowa m'magazi a munthu ndi wochepa zedi. Chinanso, ofufuza nthawi zambiri amasungunula chitsamba ndi ethanol kapena methanol (mitundu ya spiriti), osati kuwiritsa mumphika monga timachitira kwathu kuno, motero zotulukamo sizifanana. Ndipo chitsamba chikapha maselo, TNF amatsikanso poti maselo akufa samutulutsa, n'chifukwa chake wofufuza wosamala amayamba waona ngati maselowo akadali moyo. Mlingo nawo ndi nkhani: makungwa a mtengo womera kozizira ku Angónia ndi a kotentha kufupi ndi Zambezi, mphamvu yake ikhoza kusiyana, ndipo kapu siiuza munthu zimenezo.

Sindikunyoza zitsamba, inenso ndakulira momwemo. Aspirin gwero lake ndi salicin, mankhwala a m'makungwa a mtengo wa willow. Kampani ya Bayer inapanga aspirin mu 1897, koma mpaka 1971 m'pamene wasayansi John Vane anaonetsa kuti aspirin amatseka kapangidwe ka prostaglandin. Aspirin yemweyo, wodziwika mlingo wake, amathabe kuyambitsa zilonda zam'mimba. Nanga makungwa osayezedwa?

Masamba a chammwamba amayi azidya ngati ndiwo, palibe vuto. Za makungwa a mvunguti, akapita kuchipatala ku Ulongwe akanene poyera kwa adokotala, makamaka ngati amamwanso ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP, chifukwa zitsamba zina zimasokoneza mmene chiwindi chimagwirira mankhwala amenewa. Mufunsenso kuti nyamakazi yawo ndi ya mtundu uti, yokutha kwa mfundo ndi ukalamba kapena ya asilikali otembenuka aja, poti chithandizo chake n'chosiyana. Ndipo bondo limodzi likatupa mwadzidzidzi, n'kumatentha, iwo akumva malungo, musadikire tsiku la msika. Akwezeni njinga yamoto tsiku lomwelo, mwina mafinya alowa m'mfundo.