Mafunso a Owerenga: Ndigule nyale yanji ya chomera chimodzi cha chamba m'chipinda?

Funso: Akonzi, ndine Mmalawi ndipo ndimagwira ntchito ya ulonda ku Johannesburg, komwe ndimakhala ndekha m'chipinda cha lendi. Popeza kuno munthu wamkulu amaloledwa kudzala chamba chake pamalo obisika, ndagula katenti ka masentimita 60 m'litali ndi 60 m'lifupi, ndipo ndikufuna kudzalamo chomera chimodzi chokha. Pa intaneti ndaona nyale yolembedwa 1000W, yowala mofiirira, yotsika mtengo kwambiri, komanso ina yoyera yolembedwa 100W yomwe ndi yodula kuposa yoyambayo. Mnzanga wina akuti ndisataye ndalama chifukwa mababu wamba a m'nyumba akwanira. Ndigule iti? (Wowerenga wa ku Johannesburg)

Yankho: Achimwene, gulani yoyerayo ya 100W, malinga ngati papepala la wopanga alembadi kuti imakoka mawati 100 kuchokera pasoketi. Koma tisanafike pazifukwa, tigwirizane kaye pa malire a chilolezo chomwe mukunenacho. Pa 18 Seputembala 2018 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula kuti munthu wamkulu sangaimbidwe mlandu chifukwa chodzala, kusunga kapena kugwiritsa ntchito chamba chake pamalo ake obisika, ndipo mu Meyi 2024 pulezidenti wa dzikolo anasainira lamulo lotchedwa Cannabis for Private Purposes Act. Kugulitsa ndi mlandu, kupatsa mwana ndi mlandu, ndipo kunyamula ngakhale kachidutswa pobwera kumudzi kudzera pachipata cha Mwanza kapena cha Dedza ndi mlandu waukulu. Poti chipindacho n'cha lendi, muonenso zomwe munagwirizana ndi mwininyumba.

Nambala ya 1000W yomwe yakukopaniyo nthawi zambiri si mphamvu yomwe nyaleyo imadya. Amalonda ena amawonkhetsa mphamvu yomwe timababu tonse ta m'nyalemo tingapirire titayatsidwa mpaka pamapeto, ena amangotanthauza kuti nyaleyo akuiyerekeza ndi ina yakale ya mawati 1000, koma mukawerenga timalemba tating'ono ta m'munsi mwa tsambalo mumapeza kuti ikukoka mawati 100 kapena kupitirirapo pang'ono. Choncho nyale ziwiri zomwe mukuziyerekezazi mwina zimadya magetsi ofanana, ndipo funso lenileni ndi lakuti ndi iti yomwe imasandutsa magetsiwo kukhala kuwala kochuluka. Opanga odalirika amalemba nambala imeneyi ndi chizindikiro cha µmol/J. Nyale yamakono ya LED, yomwe ndi ya timababu tating'ono tosadya magetsi ambiri, imakhala pa 2.3 kapena kuposerapo, ndipo wogulitsa amene sakulemba nambalayi, kapena sakuonetsa chithunzi cha mmene kuwala kumagawikira pansi pa nyale, ine sindingamupatse ndalama zanga.

Musatengeke ndi malumeni. Lumeni ndi muyeso wa mmene kuwala kumaonekera m'maso mwa munthu, pamene tsamba limagwiritsa ntchito kuwala konse kwa pakati pa mananomita 400 ndi 700 (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala), kuyambira kwa buluu mpaka kofiira. Nyale zofiirira zija zinapangidwa poganiza kuti buluu ndi kufiira zokha n'zokwanira, ndipo chomera chimakuladi pansi pake, koma zambiri zotsika mtengo ndi za umisiri wakale. Vuto lina, lomwe limapweteka kwambiri munthu wongoyamba kumene, ndi lakuti m'kuwala kofiirirako masamba onse amaoneka akuda, moti simungaone msanga kuti ayamba chikasu, kapena kuti kunsi kwake kwagwa tizilombo tating'ono tonga akangaude. Pansi pa nyale yoyera, ya pakati pa 3000K ndi 4000K (nambala yosonyeza mtundu wa kuyera kwa kuwalako), tsamba limaoneka monga lilili, ndipo nyale imodzi yomweyo imakwanira kuyambira pambande mpaka kukolola.

Kukula kwa nyale kumatsata kukula kwa malo. Alimi a m'nyumba amawerengera mawati enieni a LED apakati pa 300 ndi 400 pa sikweya mita imodzi. Katenti kanu ndi sikweya mita 0.36 basi, ndiye kuti nyale ya mawati 100 mpaka 150 ikukwanirani, ndipo yoposera pamenepo ingokuwonjezerani kutentha ndi ndalama za magetsi. Masamu ake ndi osavuta: nyale ya mawati 100 ikayaka maola 18 imadya mayuniti 1.8 patsiku, omwe ndi mayuniti 54 pamasiku 30, ndipo mukatsitsa maolawo kufika pa 12 imadya mayuniti 36. Nyale yakale ya HPS (mtundu wowala mwachikasu ngati nyale zakale za m'misewu) ya mawati 250, yomwe mwina wina angakugulitseni motchipa chifukwa wasiya kuigwiritsa ntchito, imadya mayuniti 135 pamwezi ikamayaka maola 18, imafuna chipangizo china choiyatsira, ndipo imatentha kwambiri moti m'katenti kakang'ono chotere, mwezi wa Disembala ku Joni, masamba angapserere. Chamba chimakula bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 24 ndi 28, choncho ngakhale ndi LED mufunika kafani kotulutsa mpweya.

Mnzanu uja sananame kwenikweni, koma sananene zonse. Mababu a m'nyumba kapena machubu oyera amalera bwino mbande m'masabata oyambirira ngati mwawayandikitsa, koma chomera chikafika pochita maluwa chimafuna kuwala kochuluka katatu kapena kanayi kuposa komwe mbande imafuna, ndipo mababuwo safika pamenepo pokhapokha mutawaunjika ambiri pamawaya olumikizalumikiza. Chimenecho ndiye ndikukuletsani ndithu, pakuti madzi othirira, nsalu ya tenti ndi mawaya opiringizana m'chipinda chomwe mumagonamo ndi chiyambi cha moto. Mukamaitanitsa nyale kunja, onetsetsani kuti imalola mavoti 230 omwe amagwiritsidwa ntchito kumeneko, chifukwa zina zimapangidwira mayiko a mavoti 110 okha.

Sankhani nyale yokhala ndi kabatani kochepetsera kuwala. Mbande ikangomera, pachikani nyale pamtunda wa masentimita 50 mpaka 60 ndipo muichepetse kufika pafupifupi theka, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono chomera chikamakula. Chomeracho chidzakuuzani chokha. Kuwala kukachepa, thunthu limatalika moonda, mfundo zimatalikirana ndipo mbande imagwa cham'mbali. Kukachuluka, masamba a pamwamba amapindikira m'mwamba m'mphepete mwake ndipo nsonga imayamba kuyera pamene masamba a m'munsi akadali obiriwira bwinobwino. Njira yakale yoika dzanja pansi pa nyale kuti mumve ngati ikuotcha imathandiza pa HPS, koma pa LED imanamiza, popeza kuwala kungakhale kopitirira muyeso dzanja likumva kufunda chabe.

Chomwe ambiri amachinyozera pogula ndi taima, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa nyale pa nthawi yoikika, chikhalirecho ndiyo imalamulira kuti chomera chichite maluwa liti. Chamba chambiri chimapitiriza kutulutsa nthambi ndi masamba chikamalandira maola 18 a kuwala ndi 6 a mdima, ndipo chimayamba maluwa mdima ukafika maola 12 osadukiza. Mdimawo uyenera kukhala wathunthu. Kutsekula zipi ya tenti pofika kuchokera kuntchito usiku, kapena kagetsi kowala pasoketi ya m'katimo, zikamachitika kawirikawiri zingasokoneze maluwa ngakhale kuchititsa chomera chachikazi kutulutsa mungu, n'kubereka njere. Inu amene mumagwira ntchito usiku ndi masana mosinthanasinthana simungakwanitse kuyatsa ndi kuzimitsa ndi manja pa nthawi yake. Mugule taima ya manambala yokhala ndi batire mkati, chifukwa ija yozungulira ngati wotchi imaima magetsi akazima, ndipo akabweranso imapitiriza itatsalira ndi maola onse omwe magetsi anali atazima. Kuzima kwa magetsi kwa maola awiri nthawi ya kuwala sikuwononga kwambiri. Chowononga ndi nyale kuyaka pa nthawi yomwe chomera chimayenera kukhala mumdima.

Mtundu wa mbewu nawonso uli ndi mbali yake pa nyale. Mitundu ya kwathu kuno, monga yotchuka ija ya Malawi Gold, imatalika kwambiri ndipo imachedwa kukhwima, moti m'katenti kafupi imafika panyale isanathe n'komwe kukula. Pali mitundu ina yotchedwa autoflower, yomwe imachita maluwa potsata msinkhu osati kutalika kwa usiku. Ndi yaifupi, ndipo siivutika kwambiri maola akasokonekera.

Funso: Ndili ku Lilongwe ndipo ndinamva kuti chamba chinaloledwa kuno. Kodi nanenso ndingagule nyale n'kudzala m'nyumba mwanga? (Wowerenga wa ku Area 25)

Yankho: Ayi, bambo. Lamulo lomwe Nyumba ya Malamulo inavomereza mu Febuluwale 2020 limalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo omwe ali ndi chiphaso chochokera ku Cannabis Regulatory Authority, ndipo chomera chimodzi chopanda chiphaso, chikhale m'munda kapena kuseri kwa kabati, chingakufikitseni kukhoti. Kwa alimi a ziphaso, nkhani ya nyale imakhala yosiyana ndi ya mnzathu wa ku Johannesburg. Dzuwa lathu ndi lamphamvu kuposa nyale iliyonse yogula, koma usana ku Lilongwe umakhala pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse, ndiye mbewu zochokera kumayiko a usana wautali zimathamangira kuchita maluwa zikadali zazifupi. M'nyumba zolimiramo za pulasitiki, mlimi wotere amayatsa mababu ofooka kwa maola angapo dzuwa likalowa pofuna kufupikitsa usiku, ndipo amawazimitsa mbewu ikafika msinkhu womwe akufuna.