Za BP ya adadi ija

Ee achemwali ndaimva voisi yanu ija, mwati BP ya adadi m'mawa inali 195 kenako masana yatsika mpaka 90 akufuna kugwa pa bafa, ndiye mukufunsa ngati makina afa kapena muwaonjezere mapilisi. Chonde musaonjezere kaye, ndipo makinawo mwina alibe vuto.

Mukukumbuka radiotherapy (kuotcha khansa ndi cheza champhamvu) ya khansa ya pakhosi ija anakapanga ku India? Mmbali mwa khosi umu, pomwe mtsempha waukulu wopita kumutu umagawikana pawiri, pali timasensa tomwe timauza ubongo kuti BP yakwera tsitsa, yatsika kweza. Kuotcha kuja kumatha kuumitsa malo amenewo pang'onopang'ono, ndiye vuto limadzaoneka patapita zaka, munthu khansa inatha kalekale mpaka tinaiwala. Madokotala amati baroreflex failure. Sindikuti ndi imeneyo ndithu ayi, sindinawaone, koma zikufanana kwambiri. Akapsa mtima kapena akamva ululu, olo nkhani za mpira zomwe zija, BP imauluka, mutu kuwawa, nkhope kutentha, mtima gu gu gu, akangokhala phee kapena kudzuka mwachangu ndiye yagwa, chizungulire. Ndiye mukawapatsa pilisi lina poona 195 ija, ikamatsika yokha idzatsikiratu, angagwe n'kuvulala.

Pezani kakope. Muziwayeza atagona kwa mphindi 5, kenako ataimirira pakatha mphindi 1 ndi 3, mulembe nthawi ndi zomwe amachita. Nambala yapamwamba ikamatsika ndi 20 kapena kuposa akaimirira, adokotala ayenera kudziwa. Ndipo mukapita muwauze kuti munthuyu anaotchedwa pakhosi, ambiri samafunsa, amangolemba mankhwala a BP wamba. Mutenge mapepala a ku India aja, ali m'sutikesi ya amayi ndikuganiza. Mupemphenso sikani ya mitsempha ya pakhosi ndi kuyeza magazi a chithokomiro, zonsezi radiotherapy imazikhudza. Mankhwala alipo, ngati methyldopa kapena clonidine, koma asankhe adokotala, clonidine sasiyidwa mwadzidzidzi.

Madzi azimwa, paja mkamwa mumawauma komanso kumeza kumawavuta ndiye amangozemba. Podzuka ayambe akhala pabedi kaye. Koma mukaona pakamwa papindika, dzanja lafooka kapena mawu sakumveka, musadikire kundiimbira, thamangani nawo kuchipatala pompo. Munditumizire chithunzi cha mapilisi onse amene akumwa panopa.