Kutentha kwa Okutobala sikuitana chivomerezi, achemwali

Achemwali, ndaliona funso lanu lija loti kutentha kwafika apaku, kuphatikizapo mwezi ukutuluka wofiira psuu masiku ano, kodi si chizindikiro choti kukubwera chivomerezi, komanso ngati nzoona zomwe zili mu voice note ikuzungulira pa WhatsApp ija zoti kuno ku Harare phiri likhoza kuphulika moto. Ndiyankha motalikirapo mundipirire, chifukwa mmakomentimu ndaona kuti si inu nokha mukugona ndi mantha, ena mpaka akuti ana akuwagoneka panja.

Kutentha sikubweretsa chivomerezi ayi. Olo dzuwa liswe mtengo chotani, kutentha kwake kumathera pamwamba pompa, sikulowa pansi kwenikweni. Umboni muli nawo pafupi, pitani pamjigo 2 koloko masana, simenti ya pakhonde ikuwotcha moti simungaponde opanda silipasi, koma mukapopa kanthawi madzi akutuluka ozizira bwinobwino, pomwe achokera mamita makumi ochepa chabe. Nde chivomerezi chimayambira makilomita 10, 20 olo kupitirira pansi pa nthaka, kumeneko Okutobala ndi Juni nchimodzimodzi. Kutentha kwa mwezi uno nkwa chaka ndi chaka, dzuwa lakwera pafupifupi pa liwombo, mitambo kulibe, nthaka yauma gwa, basi zonse zikungotentha. Ndipotu kuno tili pamtunda, Harare ili pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, nchifukwa chake kutentha kwathu kumasewera cha mma madigiri 29, 30, pomwe abale athu ku Nsanje ndi ku Chikwawa, olo a ku Kariba, zimawapitirira 40. Chapakati pa Novembala yesani izi ndi ana, imikani botolo pabwalo cha mma 12 koloko, muona chithunzithunzi chake chasowa, chalowa pansi pa botolo lomwelo, ndiye kuti dzuwa lili ndendende pamutu pathu. Limadzabwerezanso kumapeto kwa Januwale pobwerera.

Za mwezi wofiira, yang'anani nthawi yake. Umafiira ukamatuluka kumene, ukakwera umayera. Ndi utsi wa moto wolusa mtchire ndi fumbi la chilimwe zomwe zadzaza mlengalenga, kuwala kukamadutsa mmenemo chammbali kumafika kwa ife kofiira, dzuwa polowanso nchimodzimodzi, mukaima pa kaphiri ka Kopje madzulo mutha kuona tauni yonse ili mbuu. Ikangogwa chizimalupsa mlengalenga mumatsukika ndipo kufiira kuja kumachepa. Kufiira kwina nkwa kadamsana, ngati uja wa pa 27 Julaye 2018, dziko lathu likalowa pakati pa dzuwa ndi mwezi, ndipo ameneyo akatswiri amadziwiratu tsiku ndi ola lake kudakali zaka. Bwalo lija limazungulira mwezi nthawi zina ndi timadzi toundana mmitambo yapamwamba kwambiri, agogo akamati mvula ili pafupi sikuti ankanama, nthawi zambiri imabweradi.

Ine ndimakonda kumwamba kwa miyezi imeneyi, makamaka magetsi akathima dera lonse kuno ku Mabvuku, mvula itagwa masana kumwamba kutayera. Nsangwe zimatuluka kummawa madzulo mu Novembala, kagulu ka tinyenyezi tothithikana kaja komwe makolo ankaonera kuti nthawi ya khasu yakwana, kenako pambuyo pake pamabwera nyenyezi zitatu zondondozana zija. Chakummwera kuli timitambo tiwiri totuwa tomwe sitisuntha ndi mphepo, anthu ambiri amatiyesa mitambo ya mvula koma ndi milalang'amba ina payokha, azungu amati Magellanic Clouds. Cha pa 13 ndi 14 Disembala nyenyezi zothothoka zimachuluka, ndi tizidutswa tamiyala tikupsa polowa mumpweya, sikuti kwinakwake kwagwa maliro ayi.

Tsopano zivomerezi zenizenizo. Zimachitikadi ndipo kuno timazimva, sindingakunamizeni. Amene munali kuno mu 2006 mukukumbuka usiku wa pa 22 kuchera 23 Febuluwale, 12 koloko itangodutsa pang'ono, bedi kugwedezeka, mbale mu kabati kulira ngwe ngwe ngwe, agalu a mlaini monse kuuwa nthawi imodzi, anthu kutuluka ndi zitenje mmanja ena akufuula kuti akuba ena akupemphera. Chimenecho sichinayambire kuno, chinayambira ku Machaze mchigawo cha Manica ku Mozambique, mphamvu yake inali 7.0 pa sikelo yoyezera zivomerezi, ife tinangomva mafunde ake atayenda makilomita mazanamazana. Taonaninso mwezi wake, Febuluwale, mkati mwa dzinja. Cha ku Salima chija chinali pa 10 Malichi 1989, za ku Karonga zinali mu Disembala 2009 ndipo zinabwera motsatizana kwa masabata mpaka china kufika 6.0, nyumba zambirimbiri kugwa anthu kugona mmatenti, cha ku Botswana cha 6.5 chinali pa 3 Epulo 2017, cha ku Chipinge chinali Disembala 2018. Palibe ndi chimodzi chomwe apa cha mu Okutobala.

Chimene chimachititsa nchoti mbali ya kummawa kwa Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, ndi chigwa chachikulu chija amati Rift Valley, chochokera ku Ethiopia kutsika mpaka kwathu, nyanja ya Malawi yakhala mmng'alu momwemo nchifukwa chake kumpoto ndi yakuya pafupifupi mamita 700, kenako chigwacho chimatsata Shire kukalowa mu Mozambique. Mbali ziwirizi zikutalikirana mamilimita ochepa pa chaka, zikhadabo zanu zimakula msanga kuposa pamenepo, koma miyala imakanirira kwa zaka mazana kenako tsiku lina nkutsetsereka kamodzinkamodzi, ndiye kugwedezeka timamvako. Manambala aja musamawaone ngati oyandikana, kuchoka pa 5 kufika pa 6 mphamvu imachuluka pafupifupi ka 32, kuchoka pa 5 kufika pa 7 ndi ka 1,000. Ku Kariba kuli nkhani yakeyake, damu lija litadzaza madzi kunachitika zivomerezi zambiri, zikuluzikulu zinali mu Seputembala 1963, kulemera kwa madzi ndi kulowerera kwake mming'alu ya miyala ndi komwe kunazidzutsa, mpaka pano kumagwedezekabe mwa apo ndi apo.

Harare yakhala pa thanthwe lakalekale lolimba, la zaka zoposa 2.5 biliyoni, miyala yosanjikizana ya ku Epworth ija ndi chimwala chachikulu cha ku Domboshava ndi msana wake womwe waonekera kunja. Nchifukwa chake zambiri zomwe timamva kuno zimakhala zochokera kutali, kumalire a kummawa kapena kuchigwa cha Zambezi. Ndipo chonde gwirani ichi, palibe munthu padziko pano, kaya wasayansi kaya ndani, amene angakuuzeni kuti chivomerezi chibwera Lachinayi. Akatswiri amadziwa madera omwe chimakonda, tsiku ayi. A zanyengo a boma ali ndi makina oyezera ku Goetz Observatory ku Bulawayo, koma nawonso amalengeza chikachitika kale. Ndiye voice note yotchula tsiku, yopanda dzina la mwini wake, yongoti tumizani kwa anthu onse, imeneyo musaipititse, mukudwalitsa nayo BP azimayi akuluakulu.

Phiri lophulika moto mu Zimbabwe mulibe, ku Malawi kulibenso lomwe likulilima. Mulanje si volcano ngakhale ambiri amatero, ndi mwala womwe unaumira pansi pa nthaka kenako zozungulira zake nkukokoloka. Apafupi ndi kwathu ali ku Tanzania kungodutsa Songwe, Rungwe ndi Kyejo, ndipo Kyejo anaphulika komaliza cha mma 1800. Loopsa kwenikweni ndi Nyiragongo ku Congo, lomwe chiphalaphala chake chinalowa mu mzinda wa Goma mu Januwale 2002 nkudzaphulikanso mu Meyi 2021, koma kumeneko nkutali zedi ndi kuno. Chomwe tili nacho ife ndi akasupe a madzi otentha basi, ku Binga, ku Hot Springs njira ya ku Chimanimani, kwathu ku Chiweta ndi ku Nkhotakota, madzi amalowa pansi kwambiri mming'alu nkubwerako atatentha. Wina mmakomenti watchula Napolo, zimenezo nzina, za ku Phalombe mu 1991, za ku Ngangu ku Chimanimani nthawi ya namondwe Idai mu 2019, za ku Chilobwe nthawi ya Freddy mu 2023, zonsezo ndi phiri kukhuta mvula nkugumuka ndi miyala yomwe, moto panalibe.

Chikakupezani mnyumba chivomerezi musathamangire pakhomo mukukankhana mumdima, gwadani, lowani pansi pa tebulo lolimba mugwire mwendo wake, tchinjirizani mutu, ngati muli pabedi dziphimbeni ndi pilo. Chikaleka zimitsani kandulo ndi gasi nkutuluka bwinobwino, ndipo panjapo musakaime mphepete mwa mpanda wa simenti uja timati durawall kapena pansi pa thanki ya madzi ndi mawaya a magetsi, zimenezo nzomwe zimayamba kugwa.

Koma chomwe chimandidetsa nkhawa ine nyengo ino ndi mphenzi, imeneyo ndiye imatenga anthu chaka chilichonse mdziko muno ndipo sitiikamba mokwanira. Pa 23 Disembala 1975 kummawa kwa dziko lino, ku Manicaland, mphenzi imodzi inapha anthu 21 omwe anabisala mvula mkanyumba kamodzi, mpaka lero bungwe la zanyengo padziko lonse limaiwerenga kuti ndi yomwe inapha anthu ambiri powaomba mwachindunji. Mvula zoyambazi zimabwera mwaukali, masana kutentha, cha mma 3 mitambo yakuda bii kuunjikana, kamphepo kozizira, kafungo ka dothi, kenako matalala ndi ziphaliwali, nthawi yomweyo ana akuchokera kusukulu, azimayi ali mminda ya mmadambo mwa tauni muno ndi makasu mmanja, ena ali pamzere wa minibasi abisala pansi pa jakaranda. Mukaona kung'anima werengani masekondi mpaka bingu limveke, masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi, mukapanda kufika 30 ndiye kuti ili pafupi moti ikhoza kukupezani. Siyani khasu, chokani pansi pa mtengo ndi pamjigo, lowani mnyumba ya njerwa kapena mgalimoto mutseke mawindo, musasambe kapena kugwira mpopi, foni ichoke pa chaja. Zovala zili pa waya zisiyeni zinyowe, ndipo muwauze ana kuti bingu lomaliza likamveka adikire mphindi 30 asanatuluke kukatola inswa. Munthu akaombedwa mugwireni musaope, thupi lake silisunga magetsi, ngati sakupuma yambani kumupopa pachifuwa pomwepo wina akuthamangira galimoto yopita naye kuchipatala.