COPD ndi kulefuka mtima m'chisanu cha ku Britain

Mayi wina wa ku Leeds atilembera kuti ali ndi COPD, matenda okhalitsa a m'mapapo, ndipo Novembala akangofika amangogona, safuna kucheza ndi anthu, pakamwa pamangofuna buledi ndi zotsekemera. Akufunsa ngati vuto ndi mapapo kapena maganizo.

Amayi, ziwirizi zimakokana. Mu Disembala kumeneko dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo kuchepa kwa kuwala kumasokoneza tulo ndi maganizo. Kulefuka mtima kobwera ndi nyengo kotereku madokotala amati SAD. Mukalefuka mumangokhala pampando, miyendo imafooka, masitepe omwe munkakwera bwinobwino amayamba kukubanitsani, ndiye mantha amakutsekerani m'nyumba. Apa ndi pofunika kudulapo msanga.

Yambani ndi kuwala. Khalani pafupi ndi nyali ya SAD yowala kwambiri, ya 10,000 lux (muyeso wa kuwala), kwa mphindi 30 m'mawa mukumwa tiyi, osaiyang'anitsitsa. Madzulo ayi, imathawitsa tulo. Ngati muli ndi vuto la maso kapena mukumwa doxycycline, amene amaperekedwa kawirikawiri chifuwa chikavuta, funsani kaye dokotala, chifukwa mankhwalawa amachititsa kuti khungu lisapirire kuwala. Prednisolone, mankhwala ena a chifuwa chikavuta, nayenso amasokoneza tulo ndi maganizo. Auzeni adokotala zikatero, koma musamusiye panokha.

Chakumasana tulukani, ngakhale mphindi 10. Mphepo yozizira imafinya njira za mpweya, choncho funditsani mphuno ndi pakamwa ndi sikafu, inhela yabuluu ili m'thumba. Mukabanika imani, kokani mpweya ndi mphuno, muutulutse pang'onopang'ono milomo mutaisongola ngati mukuzimitsa kandulo. M'nyumba kutentha kusatsike pa 18°C. Ife akhungu lakuda timalangizidwa kumwa vitamini D, mamaikulogalamu 10 patsiku, chaka chonse.

Chomwe timalimbikitsa koposa ndi pulmonary rehabilitation. Pemphani a GP, dokotala wanu wa m'dera, akutumizeniko. Ndi masabata 6 mpaka 8, kawiri pa sabata, mumalimbitsa thupi pamodzi ndi anzanu odwala mapapo, ndipo kusungulumwa kumachepa.

Samalani ndi St John's wort, mankhwala azitsamba a kulefuka mtima amene amagulidwa popanda kalata ya dokotala: amafooketsa theophylline, mankhwala otsegula njira za mpweya, ndipo amadana ndi mankhwala a maganizo. Mapiritsi ogonetsa nawo angachepetse kupuma usiku.

Kulefukaku kukapitirira masabata awiri, onanani ndi a GP, kapena dzilembetseni nokha ku NHS Talking Therapies, chithandizo cha boma cha uphungu wa maganizo. Mukayamba kuganiza zodzipha, imbani Samaritans, bungwe lomvetsera anthu ovutika maganizo, pa 116 123 nthawi iliyonse, ndi ulere, kapena 999 ngati moyo uli pachiswe.