Alendo akubwera ku Lilongwe, ndikawaonetse chiyani?

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera pa imelo. Akuti achimwene awo amene amakhala ku Johannesburg akubwera ndi akazi awo ndi ana awiri obadwira konko, ndipo adzakhala masiku atatu asanapitirire kumudzi. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi muno mu Lilongwe muli choti n'kuwaonetsa, kapena ndingowakweza basi ya ku Salima akaone nyanja?"

Mayi, kunyanja adzapita, koma musawathamangitse. Mawu oti mu Lilongwe mulibe choona amandiwawa, chifukwa amene amawalankhula nthawi zambiri ndi ife eni mzinda. Vuto lake ndi loti mzindawu ndi womwazikana. Pomwe likulu linkasamuka ku Zomba mu 1975, anaumanga motalikirana: Old Town uku, City Centre uko, Kanengo kutali, pakati pake tchire. Wongodutsa pagalimoto amaona mipanda basi. Mlendo amafunika womutsogolera, ndipo ameneyo ndi inu.

Yambani ndi tchire lomwelo. M'mbali mwa msewu wa Kenyatta muli Lilongwe Wildlife Centre, nkhalango imene mtsinje wa Lingadzi umadutsamo. Kumeneku amasamalira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa ozigulitsa mozemba, choncho musawalonjeze ana kuti akaona mikango m'makola. Chimene mukapeze ndi tinjira toyenda pansi pa mitengo ikuluikulu, apusi akudumpha m'nthambi, mbalame zambirimbiri, mwina mbawala mukayenda mwakachetechete. Fikani m'mamawa dzuwa lisanawawe. Polowa pamalipidwa, ndiye funsani mtengo wake musananyamuke.

Kuchoka apo City Centre ndi pafupi. Kukafika pa manda a Kamuzu Banda, amene anamwalira mu 1997, auzeni ana za mizati inayi imene ikuimira ngodya zake zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Achimwene anu akumbukira zambiri, zokoma ndi zowawa zomwe, ndipo alekeni afotokoze okha. Chapafupi pali nyumba ya malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, ndipo ku Area 18 kuli chipilala chokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo.

Koma kumene ine sindingalole kuti mlendo aphonye ndi kumsika wa ku Old Town. Ena amachita manyazi kutengerako alendo ochokera kunja, amati kuli fumbi ndi phokoso. Fumbi lilipodi, koma moyo wa mzindawu uli kumeneko. Ayende pakati pa mulu wa tomato, nyemba, usipa ndi utaka wouma, aone osoka nsalu ndi okhoma zidebe, alowe mu Tsoka aone momwe kaunjika amayendera belo likangotsegulidwa. Kenako awoloke mtsinje wa Lilongwe pa timilatho ta mitengo tija, tolipira kandalama kochepa powoloka. Ana obadwira kunja sadzaiwala zimenezo. Alamu anu muwagulire chitenje, ana alawe chimanga chootcha ndi tchipisi cha pachiwaya. Mafoni asungidwe bwino, ndipo asajambule munthu asanamupemphe, chifukwa amayi a pamsika ali pantchito, sanabwere kudzaonetsedwa. Ziboliboli zimapezeka pafupi ndi positi ofesi ya Old Town. Kunenerera mtengo n'kololedwa, koma osafinya wosema mpaka ntchito yake ikhale yaulere.

Ngati akubwera nyengo ya msika wa fodya, imene imayamba cha mu Epulo, pemphani chilolezo mukaone okushoni ku Kanengo. Ana akamvetsa kumene ndalama zakunja za dziko lino zimachokera.

Tsiku lachiwiri tulukani mumzinda. Ine ndingasankhe phiri la Nkhoma, kulowera msewu wa ku Dedza. Patsinde pake pali mishoni imene amishonale a Dutch Reformed anakhazikitsa mu 1896, tchalitchi chakale cha njerwa ndi chipatala. Kukwera mpaka pamwamba kumafuna nsapato zabwino ndi madzi okwanira, koma ukafika umaona chigwa chonse ndi midzi yake. Ngati ana ndi aang'ono, phiri la Bunda ndi lofupikirapo, ngakhale thanthwe lake limaterera mvula ikagwa. Pamwamba pake mupezapo anthu akupemphera, muwapatse ulemu. Ku nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, n'kokongola kwambiri, koma nthawi ya dzinja msewu wake umafuna galimoto yamphamvu.

Za gule wamkulu ndinenepo mosamala. Bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linauzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe, koma kwa eni ake si chisudzo cha alendo. Ngati kumudzi kwina kuli mwambo ndipo mwaitanidwa, pitani ndi munthu wodziwika kumeneko, khalani pamene akukhazikani, ndipo kamera ituluke pokhapokha akuluakulu atavomera.

Tsiku lachitatu likagwera Loweruka kapena Lamulungu, fufuzani ngati kuli mpira pa Bingu National Stadium ku Area 48, kapena pa Silver Stadium ku Area 47. Kukapanda mpira, ndiye nyamukani m'bandakucha wa ku Senga Bay, mukadye chambo masana, madzulo mwabwerako.