Mavidiyo a pa YouTube sasandutsa munthu telala

Mayi wina wa ku Lizulu, yemwe amagulitsa kabichi ndi tomato m'mbali mwa msewu wa M1, wanditumizira imelo. Akuti: "Ndikufuna kuphunzira kusoka. Usiku uliwonse ndimaonera mavidiyo pa YouTube mpaka bandulo kutha, koma ngakhale siketi imodzi sindinasokepo. Kodi vuto ndi nthawi, kapena mutu wangawu ndi wouma?"

Achemwali, munthu wobweza chenji kwa anthu atatu pakamodzi, uku dalaivala wa basi akuliza hutala, sangakhale wouma mutu. Kungoti kusoka kumalowa kudzera m'manja ndi m'mapazi. Vidiyo ikuonetsani kadulidwe ka kolala, koma kupalasa makina mwakuti gudumu lisabwerere m'mbuyo n'kudula ulusi, zimenezo mwendo umazolowera wokha mukakhalira pampando. Tsiku lina ulusi udzapotana kunsi kwa nsalu. Inu mudzalimbana ndi bobini, kokulungirako ulusi wa pansi, mpaka dzuwa kulowa, pamene telala wozolowera angoyang'ana kamodzi n'kunena kuti ulusi wa pamwamba ndiwo sunadutse bwino.

Pitani ku Mua, kumunsi kwa mapiri a Dedza, mukaone. Malo a zachikhalidwe ndi zaluso a KuNgoni, omwe ali kumeneko, anayambitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher a ku Canada, ndipo amisiri osema ziboliboli a kumeneko ambiri lusolo analitola atakhala pambali pa anzawo, chipangizo chili m'manja, n'kumawongoleredwa akalakwitsa.

Ndiye pezani telala wa pakhonde pamsika pomwepo. Mugwirizane: kaya muzimupatsa kangachepe pamwezi, kaya muzimusitira zovala ndi kusokerera mabatani. Musathamangire diresi la chitenje. Yambani ndi za kaunjika: kupinda thalauzi m'munsi, kuchepetsa m'chiuno, kuika zipi. Ntchito zotere anthu ena amazipeputsa, komatu ndi zimene zimabweretsa ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo mukaphonya mumangosomola n'kuyambiranso, osalira ndi nsalu yodula ya mwini wake. Zipi yokhayo muibwereze mpaka muziika uku mukucheza.

Za nthawi, musadikire tsiku lopanda chochita, pa bizinesi ya ndiwo silibwera. Tsiku la msika lisiyeni, ndi la ndalama. Masiku enawo, masana makasitomala akazilala, siyirani mnzanu wa benchi loyandikana, inu mukakhale pa makina ola limodzi. (Mudzamubwezere naye akafuna kuchokapo, apo ayi ubale utha.)

Foniyo musaitaye. Muziitsegula muli ndi funso limodzi lomwe lakuvutani masanawo, mwina kaikidwe ka thumba la m'mbali, muonere, mutseke. Bandulo yotsalayo igule ulusi ndi choko.

Satifiketi mukadzaifuna, mukafunse za maphunziro a TEVETA, bungwe loona za ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Koma pakadali pano cholinga chikhale chakuti sukulu zikamadzatsegulira, telala wanuyo azikupatsirani mayunifolomu oti mupinde.