Musanalipire zoyeza jini ya APOL1, yambani ndi mkodzo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene bambo ake anamwalira ndi matenda a impso, ndipo mchimwene wake ali pa dialysis. Kuchipatala anaviika kapepala mumkodzo wake n'kumuuza kuti ndi trace chabe, kutanthauza puloteni yochepa kwambiri, asadandaule. Tsopano wawerenga za APOL1 pa intaneti, akufunsa ngati atumize malovu kunja kuti akayeze jini imeneyi.

Mayi, ndalama zanu ziyambe zapita kumkodzo. Koma poti mwatchula APOL1, tiyeni tiikambe yonse, chifukwa ogulitsa zoyezerazi amangonena mbali yowopseza.

APOL1 ndi jini imene ili pa chromosome 22. Mu 2010 ofufuza anapeza kuti mitundu yake iwiri, G1 ndi G2, imawonjezera chiopsezo cha matenda a impso mwa anthu amene makolo awo anachokera ku Africa. Aliyense amalandira jiniyi kawiri, kwa mayi ndi kwa bambo, ndipo chiopsezo chachikulu chili kwa amene watengera mbali zonse: G1/G1, G1/G2 kapena G2/G2. Mwa anthu akuda a ku America, otere ndi pafupifupi 13 pa 100 aliwonse. Kafukufuku wa H3Africa amene anatuluka mu 2024 anapeza pafupifupi 30 pa 100 mwa anthu amene anawayeza ku Ghana ndi Nigeria, pomwe ku Ethiopia mitunduyi siipezekapezeka n'komwe. Choncho musatenge chiwerengero cha ku Lagos n'kuchiyesa chanu chifukwa choti khungu ndi limodzi.

Nanga chinthu chowononga impso chinafalikira bwanji chonchi? Yankho lili pa kashembe. Puloteni ya APOL1 imakhala m'magazi n'kumapha tizilombo ta Trypanosoma, timene kashembe amafalitsa. Mtundu wa rhodesiense, womwe umayambitsa kaodzera ku Nkhotakota, ku Vwaza ndi m'chigwa cha Luangwa, uli ndi puloteni yakeyake yotchedwa SRA imene imagwira APOL1 kuti isagwire ntchito. G2 siigwidwa choncho, ndiye amene anali nayo ankapulumuka n'kubereka. N'chimodzimodzi ndi sickle cell ndi malungo. Ndipo potchula sickle cell, nayonso, ngakhale mwatengera mbali imodzi yokha, imawonjezera mwayi woti alubumini, puloteni ya m'magazi, azituluka mumkodzo.

Chimene otsatsa malonda sanena n'chakuti ambiri mwa amene anatengera mbali zonse, pafupifupi 8 mwa 10, sadwala impso. Pamafunika china choti chiyambitse: HIV imene sinaponderezedwe ndi ma ARV, COVID-19, lupus, kapena mankhwala a interferon. Pa HIV ndiye palibe masewera, chifukwa kafukufuku wa ku South Africa wa 2015 anasonyeza chiopsezo cha nthenda ya impso yobwera ndi HIV chokwera nthawi 89 mwa amene anatengera mbali zonse. Mankhwala olimbana ndi APOL1 yeniyeniyo, inaxaplin, anachepetsa puloteni ya mumkodzo ndi 47.6 peresenti m'masabata 13 pa kafukufuku wa 2023, koma anali wa anthu ochepa amene anali akudwala kale. Ndikunena mosapsatira: kwa munthu amene sakudziwa BP yake, shuga wake ndi ACR yake (muyezo wa alubumini mumkodzo), kuyeza jini n'kutaya ndalama. Zotsatira zikabwera zoipa, dokotala adzakuuzani kuti muyezetse mkodzo. Zikabwera zabwino, adzakuuzani zomwezo, poti mbiri ya banja lanu sifufutika. Pamene kuyezaku kuli ndi phindu lenileni ndi ngati mukuganiza zopereka impso kwa mchimwene wanuyo, chifukwa mudzatsala ndi imodzi.

Za mkodzo tsopano

Kapepala kaja kamayeza kuchuluka kwa puloteni m'madzi a mkodzo, ndiye kamanamizidwa mosavuta. Mukamwa madzi ambiri mkodzo umasungunuka, kapepala n'kusonyeza kuti kulibe kanthu. Mukakhala tsiku lonse padzuwa osamwa, kamasonyeza trace pamene impso zili bwinobwino. ACR imathetsa zimenezi poyerekeza alubumini ndi creatinine (zinyalala zochokera m'minofu zimene impso zimasefa) wa mumkodzo womwewo. Pansi pa 3 mg/mmol ndi bwino, 3 mpaka 30 ndiye kuti sefa ya impso yayamba kudontha, kupitirira 30 ndi kwambiri. Malabotale ena amalemba mu mg/g, ndipo malire ake ndi 30 ndi 300. Onani kaye muyezo musanachite mantha ndi nambala.

Tengani mkodzo woyamba wam'mawa, wapakatikati, m'kabotolo koyera ka kulabotale. Musayezetse muli kumwezi, thupi likutentha, mukumva kuwotcha pokodza, kapena mutachita masewera olimba dzulo lake, chifukwa zonsezi zimakweza nambala kwa kanthawi. Amene amasamba kunyanja ayambe athana ndi likodzo, poti magazi mumkodzo amabwera ndi alubumini. Kamodzi sikakwanira: mwa katatu pa miyezi itatu, kawiri kakhale kokwera ndiye tinene kuti ndi zoona. Ngati mumamwa ma ARV okhala ndi tenofovir, pemphaninso PCR ya mkodzo, yoyeza mapuloteni onse, chifukwa tenofovir akavulaza timachubu ta impso amatulutsa timapuloteni ting'onoting'ono timene ACR imaphonya. Koma musasiye ma ARV panokha.

Magazi nawonso ayezedwe kuti mudziwe eGFR, nambala yosonyeza mphamvu ya impso posefa magazi, ndipo pansi pa 60 kwa miyezi itatu ndi matenda. Kumbukirani kuti kafukufuku wa ARK ku Malawi, Uganda ndi South Africa, wa 2022, anapeza kuti masamu ogwiritsa creatinine amakokomeza mphamvu ya impso za anthu a kuno, ndiye eGFR ya 65 musaisekerere.

ACR ikatsimikizika kuti ndi yokwera, dokotala angakuyambitseni enalapril kapena losartan, n'kuyezanso creatinine ndi potassium pasanathe mwezi. Mankhwalawa samwedwa ndi woyembekezera. BP ikhale pansi pa 130/80, mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, ndipo brufen, diclofenac ndi indocid zam'golosale zilekeni. ACR ikakhala pansi pa 3, bwerezani chaka chilichonse, ndipo muuze abale anu ena onse a bere limodzi kuti nawonso akayezetse.